Masekondi Makumi Atatu pa Mlatho wa Galata

Bambo anga amati kujambula n'kutsina nthawi:
thwa! watenga, wapita.
Ndiye anadabwa nditaimika miyendo itatu yachitsulo
pakati pa mlatho, dzuwa litangomira kuseri kwa mizikiti,
n'kuphimba diso la kamera ndi galasi lakuda bii.
"Nevin, ukuitseka m'maso kuti ione?"
Eya, ndinatero. Ione pang'onopang'ono.

Ndinadikira tiramu idutse kaye,
poti mlathowu umanjenjemera nayo.
Chala ndinachotsa pabatani, kamera idziwerengere yokha,
chifukwa kugunda kwa mtima kumatsikira m'dzanja
n'kukagwedeza nsanja yoima zaka mazanamazana.

Anthu piringupiringu:
a zikwama, a ana pamapewa, a foni kukhutu,
Yekta ndi thireyi yake ya tiyi,
mnyamata wosenza buledi wachitowe.
Sitima ya ku Kadıköy inabuula potuluka padoko.
Ine chilili, ngati wolondera mkaka pamoto.

Chikope chinatseka, kha!
Kamera inakhalanso chete, ikusesa timadontho mumdima wake,
kenako pakagalasi kakumbuyo panatuluka mzinda wina.
Nyanja yosalala ngati yositidwa.
Sitima palibe, kwatsala ulusi wa nyali zake,
wofiira ndi woyera, wolumikiza gombe ili ndi lija.
Khwimbi lonse lija, zii.
Yekta wasanduka nthunzi ya tiyi wake yemwe.
Otsala ndi asodzi okha, Cevdet ndi anzake,
zigongono pachitsulo, maso pachingwe,
iwo amene kudikira ndiyo ntchito yawo.

Bambo anayandikitsa magalasi, nayang'anitsitsa.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ankakoka zingwe pa sitima zimenezo,
kutsidya m'mawa, kuno masana, kutsidyanso.
"Ndiye kuti ine sindikanaoneka," anatero.
"Moyo wonse ndinali kuwoloka."
Anakhosomola. Anakonza chipewa.
"Ndijambule."

Ndinafuna kunamizira batire.
Chaka chachitatu chino manja awo sagona.
Supu amamwera m'kapu,
mabatani a malaya ndimamanga ndine,
ndipo ndi foni ndimawajambula msangamsanga,
kuba kamphindi kamene matenda ayang'ana kumbali.
Koma anali ataima kale pafupi ndi ndowa ya Cevdet,
msana njoo, manja pachifuwa.

Ndinachotsa galasi lakuda, poti mdima unali utakwanira wokha.
Ndinadina.
Pa zisanu, mbalame ya panyanja inalira pamwamba pathu.
Pa khumi ndi ziwiri, mwana anadutsa pakati pa ine ndi iwo
atanyamula chibaluni.
Pa makumi awiri, mzikiti wa Yeni unayamba kuitana,
ina n'kuyankha kutsidya, ina kuphiri.
Bambo sanaphethire. Ndinaona msozi wa mphepo
ukutsika, osaupukuta.
Sindinadziwe kuti theka la mphindi
likhoza kukhala msewu wautali chonchi.

Kha!

Nkhope yatuluka yonse: khwinya lililonse,
chipsera cha chingwe pachibwano,
ndevu ziwiri zimene lumo langa linaphonya m'mawa.
Mwana uja kulibe, chibaluni kulibe.
Koma pachifuwa, pamene panali manja,
pali timitambo tiwiri toyera,
ngati njiwa yogwidwa ikukupiza.

Chala changa chinapita chokha pabatani lofufutira.
"Leka," anatero.
Anakulitsa chithunzi, ine nditawagwirira kamera.
"Iwowa akadali pa sitima.
Ine ndi amene ndatsika."

Cevdet anawedza kansomba kosakwana chikhatho, nakaponya m'ndowa.
Batire linayamba kuphethira mofiira, tsopano moona.
Ndinapinda miyendo itatu ija,
bambo n'kuumirira kuti anyamula ndi iwo,
ndipo njira yonse yotsikira ku Eminönü
zitsulo zinkalira m'manja mwawo, ngwere ngwere ngwere,
anthu n'kumatipatukira.